Tilambule Njira za M'phiri la Mulanje Kumbali ya Phalombe

M'mwezi wa Julaye chaka cha 2025, bungwe la UNESCO, pamsonkhano wake mumzinda wa Paris, linalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasunga. Nkhaniyi inakondweretsa Amalawi ambiri, ndipo kunali koyenera kutero, popeza kufikira nthawi imeneyo dziko lino linali ndi malo awiri okha m'kaundulamo: malo otetezedwa a Nyanja ya Malawi ku Mangochi, amene analembedwa mu 1984, ndi zojambula zakale za pamiyala ku Chongoni, zimene zinalembedwa mu 2006. Koma ulemu wotere umabwera ndi udindo wake. Mlendo amene wamva mbiri ya phirili ali kwawo adzabwera kudzayenda, ndipo chinthu choyamba chimene phazi lake lidzaponda ndi njira. Lero tikufuna kulankhula ndi akuluakulu a boma ndiponso aphunzitsi a ku Phalombe za njira zimenezi, ndi za amene ayenera kuzisamala.

Anthu ambiri akamva za kukwera phiri la Mulanje amaganiza za ku Likhubula, kumene alendo ochuluka amayambira ulendo wawo, kumenenso kumachitikira mpikisano wothamanga wa onyamula katundu chaka ndi chaka. Amaiwala kuti phirili lili ndi khomo lina m'boma la Phalombe, pa mpata wa Fort Lister umene umalekanitsa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Mpata umenewu uli ndi mbiri yowawa, chifukwa ndimo munkadutsa magulu a akapolo powatengera kunyanja ya mchere, ndipo pofuna kutseka njira ya malondawo boma la atsamunda linamangapo linga mu 1893. Mabwinja a lingalo akadalipo. Kuchokera pamenepo njira imakwera kukafika ku nyumba yogona alendo ya Sombani, pafupi ndi nsonga ya Namasile, n'kupitirira ku Chinzama, ku Thuchila, ku Chisepo kumene amagona anthu ofuna kukwera Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, mpaka ku Chambe ndi kutsikira ku Likhubula. Ulendo wodutsa phiri lonse motere umatenga masiku anayi kapena asanu. Chiyambi chake, kapena mathero ake kwa ochokera kumbali inayo, chili m'manja mwa anthu a ku Phalombe.

Wina angafunse kuti, kodi boma limene lili ndi mavuto a njala, a madzi ndi a misewu lingataye bwanji nthawi ndi tinjira ta alendo oyenda mongosangalala? Funso limeneli n'lomveka, ndipo yankho lake ndi lakuti njira za m'phiri si za alendo okha. Mayi wokatema nsungwi kapena wokamweta udzu wofolera nyumba amadzera momwemo. Anthu okakonza malo otengera madzi a m'mipope amadzera momwemo. Mlonda wa nyumba ya Sombani, amene amakhala masiku ambiri pamwamba pa phiri, amatsika ndi kukwera momwemo, ndipo akadwala adzanyamulidwa kudzera momwemo. Koposa onsewa, pali anyamata otsogolera alendo ndi onyamula katundu, amene chakudya cha mabanja awo chimachokera m'njira zimenezi. Mlendo akamva kuti njira ya ku Fort Lister yagumuka kapena yawirira, amangosintha ulendo wake n'kukayambira ndi kukathera ku Likhubula. Iye sataya kanthu. Amene amataya ndi mnyamata wa ku Phalombe amene amayembekezera katundu woti anyamule, ndi mayi amene akanagulitsa nthochi ndi mazira patsinde pa phiri.

Chachiwiri ndi moyo wa munthu. Aliyense wokhala m'munsi mwa phirili amadziwa chiperoni, nkhungu yozizira ya mvula yamawawa imene imatha kuphimba phiri lonse mwadzidzidzi m'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti. Nkhungu ikatsika, munthu saona ngakhale mwala umene uli mikono khumi patsogolo pake, ndipo chimene chimamufikitsa kunyumba ndi njira yooneka bwino pansi, milu ya miyala yoikidwa dala ndi zizindikiro za utoto pamatanthwe. Phirili latenga kale miyoyo ya anthu. Mu 1949 mkulu wina wa zankhalango anakokoloka ndi madzi powoloka mtsinje wodzaza, nkhani imene Laurens van der Post anaifotokoza m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anasowa atapita yekha ku Sapitwa, ndipo mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anafera komweko atapitirira ulendo popanda womutsogolera. Njira yabwino siingalowe m'malo mwa wotsogolera wodziwa phiri, ndipo palibe mlendo amene ayenera kukwera yekha. Komabe ngozi ikachitika, ofunafuna wosowa ndi onyamula wovulala amafika msanga kapena mochedwa malinga ndi mmene njira ilili.

Chachitatu ndi mkungudza. Mtengo umenewu, umene mwachilengedwe umamera paphiri la Mulanje pokha, unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lino mu 1984. Phirili linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa kale mu 1927, koma macheka ndi moto zinaupulula mtengowu kufikira kuti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Kuyambira mu 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi akatswiri a zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri, linafesa ndi kubzala mbande zoposa 500,000. Mbande zimenezi zinakwera phiri zitasenzedwa pamutu, m'njira zomwe tikunenazi. Mdani wawo wamkulu ndi moto wolusa wa m'chilimwe, ndipo moto sungazimidwe ndi anthu amene akulephera kufika pamene ukuyaka. Njira yolambulidwa bwino imafikitsa msanga ozimitsa moto, ndiponso pena imathandiza kuchepetsa liwiro la moto wa m'maudzu.

Tsono njira ya m'phiri imafa bwanji? Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mapazi a anthu akapondaponda malo amodzi, nthaka imalowa pang'ono, ndipo mvula ikagwa madzi amapeza kuti njirayo ndiyo khwawa lawo. Chaka choyamba amakokolola dothi lapamwamba, chaka chachiwiri amasiya miyala yoterera, chachitatu njira yasanduka chigwembe. Oyenda amayamba kulambalala, n'kutsegula njira ina pambali, nayonso n'kukokoloka chimodzimodzi, mpaka chitunda chonse chadzaza zipsera. Anthu a ku Phalombe safunika kuuzidwa za mphamvu ya madzi otsika m'phiri. Pa 10 Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali zambiri za phiri, nasesa midzi ndi minda m'dera la Nkhulambe ndi madera ena. Ngozi zazikulu chonchi palibe khasu limene lingaziletse. Koma kuonongeka kwa chaka ndi chaka, kumene kumadza ndi mvula wamba, kungaletsedwe ndi anthu khumi okhala ndi makasu.

Ntchito yake si yachilendo kwa mlimi aliyense amene anaungapo mizere yopingasa pamunda wotsetsereka. Pamalo otsika amakumba ngalande zing'onozing'ono zodula njira mopendekera, kuti madzi azipatuka n'kulowa m'tchire asanapeze liwiro, ndipo pamene patsetsereka kwambiri ngalandezo zimayandikana. Pamalo okwera amayala miyala ikuluikulu ngati makwerero, mwala uliwonse wokhazikika bwino kuti usagwedezeke. Njira yolunjika pachitunda amaikhotetsa kuti ikwere mozemba. Mvula ikatha, cha m'mwezi wa Epulo ndi Meyi, amatchetcha udzu ndi kudula nthambi zotchinga. Chilimwe chisanafike pachimake amalambula m'mbali poteteza moto, ndipo mu Okutobala amafukula ngalande zonse kuti mvula yoyamba izipeza zili zotsegula. Milu ya miyala yogwa amaiunjikanso, utoto wofufutika amaupakanso. Zipangizo zake ndi khasu, chikwanje, piki, fosholo ndi chitsulo chotembenuzira miyala. Chovuta pantchitoyi n'chakuti siitha. Iyenera kubwerezedwa chaka chilichonse, ndipo pa chifukwa chimenechi siingadalire thandizo la mabungwe limene limabwera zaka zitatu n'kutha.

Maiko ena anapeza kale njira yothetsera vuto limeneli. Ku America kuli njira yapansi yotchedwa Appalachian Trail, yotalika makilomita pafupifupi 3,500, yochokera ku Georgia kukafika ku Maine. Maganizo oikhazikitsa anawapereka ndi Benton MacKaye mu 1921, ndipo inatha kulambulidwa mu 1937. Ngakhale dzikolo ndi lolemera, ntchito yambiri yosamala njirayi imagwiridwa ndi anthu odzipereka osalandira malipiro. Chinsinsi chawo n'chakuti anaigawa njirayo m'zigawo, ndipo magulu pafupifupi 30 ali ndi chigawo chawochawo. Mtengo ukagwa n'kutseka njira, palibe amafunsa kuti auchotse ndani, chifukwa mwini wa chigawocho amadziwika. Kuno kwathunso, mamembala a Mountain Club of Malawi, gulu limene linayamba m'zaka za m'ma 1950, akhala akuthandiza modzipereka kusamala nyumba zogona za paphiri pamodzi ndi Nthambi ya Zankhalango.

Koma sitifunika kuwoloka nyanja kuti tipeze chitsanzo. Ntchito yobweretsa madzi a m'mipope kuchokera m'mapiri popanda injini inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inafika m'chigwa cha Phalombe. Boma ndi mabungwe anapereka mapaipi ndi akatswiri, koma ngalande zonse zokwiriramo mapaipiwo, mtunda wa makilomita ambirimbiri, zinakumbidwa ndi anthu a m'midzi ndi manja awo. Midzi inkasinthana masiku, mafumu ndi makomiti ankayang'anira, ndipo mpope uliwonse unali ndi anthu ousamala. Alendo ochokera m'maiko ena ankabwera kudzaphunzira mmene Amalawi anachitira. Anthu amene anakumba ngalandezo ndi makolo ndi agogo a ana amene ali m'sukulu za ku Phalombe lero, ndipo madziwo amachokera m'phiri lomweli.

Tikudziwa kuti mawu akuti ntchito yopanda malipiro amakumbutsa anthu thangata, ndipo nkhawa imeneyi sitiipeputsa. Liwu lakuti thangata poyamba linkatanthauza kuthandizana pakati pa anansi, koma eni minda ikuluikulu a nthawi ya atsamunda analisandutsa msonkho wa thukuta, wakuti munthu azigwira ntchito mokakamizidwa kuti asachotsedwe pamalo. Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique, amene zidzukulu zawo ndizo zachuluka ku Phalombe, anasenza goli limeneli. Linali limodzi mwa madandaulo amene anautsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915, ndipo linathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Pambuyo pake kunabwera Sabata la Achinyamata. Linamanga zipinda zophunziriramo, milatho ndi misewu yambiri, komanso sitingabise kuti m'madera ena anthu ankapita chifukwa choopa. Zinthu zitasintha mu 1994, ambiri anayamba kutcha ntchito iliyonse yodzithandiza kuti thangata, ndipo pothawa choipacho tinataya ndi chabwino chomwe.

Kusiyana kwa zinthu ziwirizi n'koonekeratu. Pa thangata munthu sankafunsidwa, masiku ankawerenga ndi wina, ndipo phindu linkapita kwa mwini munda. Pa ntchito yodzipereka munthu amabwera yekha, amadziwa tsiku loyamba ndi lomaliza, ndipo phindu amaliona ndi maso ake. Midzi yathu siinaleke kulambula njira ya kumanda kapena ya kuchitsime, ndipo palibe amene amaitcha ntchito imeneyo thangata, chifukwa aliyense amadziwa mwini wake wa manda ndi chitsime. Ntchito ya akuluakulu a boma ndi kuchititsa kuti anthu aione njira ya m'phiri mofananamo, ndipo zimenezi sizingatheke ndi mawu okha.

Choncho tikupempha Bwanamkubwa wa boma la Phalombe, limene linapatulidwa ku Mulanje mu 1998, kuti pamodzi ndi Nthambi ya Zankhalango aitanitse mafumu a m'mbali mwa phiri, atsogoleri a otsogolera alendo ndi onyamula katundu, aphunzitsi aakulu ndi mabungwe osamala phirili. Njira za kumbali ino zilembedwe, ziyesedwe ndi kugawidwa m'zigawo zazifupi zoti gulu limodzi lingathe kuzimaliza m'tsiku limodzi kapena awiri. Chigawo chilichonse chikhale ndi mwini wodziwika, kaya ndi mudzi, sukulu, mpingo kapena gulu la achinyamata, ndipo dzina lake lilembedwe pachikwangwani poyambira chigawocho. Masiku a ntchito akhale ochepa, atatu kapena anayi pachaka, ndipo asagwe m'nyengo yobzala kapena yokolola. Zipangizo, utoto ndi chakudya cha tsikulo zichokere kwa boma ndi mabungwe, popeza si chilungamo kuti munthu apereke mphamvu zake n'kuthyolanso khasu lake. Wokana asalipitsidwe, asaopsezedwe ndiponso asamanidwe thandizo lililonse la boma.

Pali malire awiri amene sayenera kudumphidwa. Oyamba ndi akuti ntchito zolemera ndi zoopsa, monga kumanga milatho pamitsinje, kukonza malo ogumuka ndi napolo ndi kusema makwerero pamatanthwe, ndi za amisiri olipidwa, ndipo oyamba kulembedwa akhale anyamata a m'deralo amene amalidziwa phiri. Kudzipereka kwa anthu kusakhale chifukwa chochotsera munthu wina ganyu yake. Malire achiwiri ndi a ndalama. Alendo amalipira polowa m'nkhalango ndi pogona m'nyumba za paphiri. Anthu amene akulambula njira ali ndi ufulu wodziwa kuchuluka kwa alendo amene anadzera pa Fort Lister m'chaka, ndalama zimene zinatoleredwa ndi gawo limene labwerera kudzasamala njirazo. Ziwerengero zimenezi zikamatidwa pakhoma la ofesi ndi kuwerengedwa pamsonkhano wa mudzi, anthu adzabweranso chaka chamawa. Zikabisidwa, liwu lija la thangata lidzamvekanso, ndipo pamenepo olinenawo sadzakhala olakwa.

Ena amaopa kuti kukonza njira n'kuthandiza ocheka matabwa mozemba ndi ootcha makala. Ife tikuona mosiyana. Anthu amenewa sanadikirepo kuti wina awalambulire njira, ali ndi tinjira tawo tobisika. Chimene amakonda ndi phiri lopanda maso, kumene angacheke sabata yathunthu osakumana ndi munthu. Njira imene imadutsa alendo, ana a sukulu ndi eni chigawo kawirikawiri imabweretsa mboni, ndipo mudzi umene wathira thukuta pachigawo chake sudzakhala chete poona utsi wa uvuni wa makala pafupi nacho.

Kwa inu aphunzitsi tili ndi pempho lapadera. Pali ana ambiri amene amaliona phiri la Mulanje m'mawa uliwonse popita kusukulu, koma kutalika kwa Sapitwa amakuloweza m'buku ngati kuti ndi phiri la dziko lina. Sukulu iliyonse yoyandikana ndi phiri ingathe kutenga chigawo chapansi, chosaopsa, ndi kuchisandutsa kalasi. Kuyesa kutalika kwa chigawo ndi kuwerengera ngalande zofunika ndi masamu. Kuona mmene madzi amakokololera nthaka ndi phunziro la ulimi ndi la malo. Kuima pamabwinja a Fort Lister ndi phunziro la mbiri ya dziko limene mwana sadzaliiwala. Koma tikuchenjeza kuti ntchitoyi isaperekedwe ngati chilango kwa ana ochedwa kapena osamvera, chifukwa mwana amene walambula njira polangidwa adzadana nayo moyo wake wonse. Ikhale ya magulu osamala zachilengedwe ndi ana akuluakulu ofuna okha, makolo atavomereza, aphunzitsi ali nawo limodzi, ndiponso motsogozedwa ndi munthu wodziwa phiri. Ana asapatsidwe miyala yolemera kapena kutumizidwa kumaphompho, ndipo tsiku la chiperoni kapena la mvula ulendo ulephereke.

Mutu umodzi susenza denga. Nthambi ya Zankhalango payokha ilibe anthu okwanira kuyendera njira zonse za phiri lalikulu chonchi, ndipo midzi payokha ilibe zipangizo. Sitikupempha kuti zonse zichitike chaka chimodzi. Poyambira pakhale pa njira imodzi, yochokera pa Fort Lister kukafika ku Sombani. Igawidwe, eni zigawo adziwike, ndipo ngalande zake zitsegulidwe mvula yoyamba isanagwe. Chaka chikatha, akuluakulu a boma ayende nayo wapansi, pamodzi ndi mafumu ndi aphunzitsi, kuti aone okha zimene zatheka ndi zimene zatsala, kenaka agawe njira yachiwiri.